PHUNZIRO LA AMAYI: THANDIZO PA NTHAWI YA NGOZI NDI CHITUKUKO CHA M'DERA LATHU

Mawu oyamba

Phunziro la ulendo uno likunena za thandizo limene anthu amalandira ngozi ikagwa, ndiponso za ntchito za chitukuko m'madera osauka ndi m'madera a nkhondo. Nkhaniyi ndi yaikulu, choncho tiyambira pafupi, ku Chibanja mu mzinda wa Mzuzu, kumene ena a ife timakhala ndipo ambiri tili ndi abale. Tikupempha atsogoleri a magulu kuti aligawe pawiri phunziroli: ndime 1 mpaka 4 pa msonkhano woyamba, zotsalazo pamodzi ndi mafunso pa msonkhano wachiwiri. Mayi mmodzi awerenge mokweza, ndipo pamene pakufunika wina amasulire m'Chitumbuka kapena m'Chitonga kuti pasakhale wotsalira.

Mfundo imene tikufuna kuti tonse titenge ndi iyi: thandizo lochokera kutali limafika patapita masiku, ndipo limatha. Oyamba kufika pa ngozi ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ndipo ndi omwewo amene amatsala alendo onse atapita. Motero gulu la amayi lodziwa bwino anthu a m'dera lake lili ndi ntchito imene bungwe lochokera kunja silingathe kuigwira.

1. Madzi osefukira a mu Epulo 2016

Ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya. Anzathu a ku Lilongwe akamakonzekera kukolola, ife timakhala tikuyendabe ndi maambulera. M'mwezi wa Epulo 2016 kunagwa mvula yamphamvu nthaka itakhuta kale madzi. Madera 15 a mu mzindawu anakhudzidwa, ndipo ena mwa iwo ndi Chibanja, Chibavi, Chiputula, Masasa ndi Mchengautuwa. Anthu 7 anamwalira, anthu pafupifupi 19,000 anakhudzidwa, ndipo panatsegulidwa misasa 7 yosungirako amene nyumba zawo zinagwa kapena kulowa madzi.

Ngoziyi inadabwitsa anthu ambiri, chifukwa kwa zaka zambiri tinkaganiza kuti madzi osefukira ndi nkhani ya ku Nsanje, Chikwawa ndi Karonga. Mabungwe othandiza nawonso anazolowera kugwira ntchito kumidzi. Komanso m'mwezi womwewo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala chifukwa cha kusowa kwa mvula m'madera ena, ndipo chaka chimenecho anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Mayi wa ku Chibanja amene nyumba yake inagwa anali pa mzere umodzi ndi dziko lonse.

2. Chifukwa chiyani madzi amativuta chonchi?

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa zaka. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'chaka cha 1947 ndipo unakhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 1998 munali anthu pafupifupi 87,000, koma pa kalembera wa 2018 anapezeka anthu 221,272. Anthu achuluka msanga kuposa mapuloti okonzedwa bwino. Munthu wopeza pang'ono amagula kapena kuchita lendi pamene pali potchipa, ndiye kuti m'dambo, m'mbali mwa mtsinje kapena pa chitunda chotsetsereka.

Dambo ndi njira ya madzi. Tikamangamo nyumba, madziwo amafunafunabe podutsa. Nyumba zambiri m'madera otere ndi za njerwa zosawotcha kapena zomangidwa ndi dothi, zopanda maziko a simenti. Madzi akaima tsiku limodzi kapena awiri, khoma limafewa pansi n'kugwa. Ngalande nazo zimatsekeka ndi majumbo, mabotolo ndi zinyalala. M'dambo madzi a pansi ali pafupi, choncho zimbudzi zokumba zimadzaza msanga n'kusefukira, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosaya zimene timatungamo madzi.

Mvula imagwa mofanana pa mzinda wonse, koma nyumba zimene zimagwa ndi za anthu osauka. Pa chifukwa chimenechi nkhani ya ngozi sitingailekanitse ndi nkhani ya umphawi. Akuluakulu akhala akulangiza anthu kuti asamuke m'malo oopsa, ndipo malangizowo ndi oona. Koma mayi wogulitsa tomato amafuna kukhala pafupi ndi msika, bambo wa maganyu pafupi ndi tauni, ana pafupi ndi sukulu. Tisafulumire kunena kuti anthu otere ndi osamva tisanafunse kuti akapita kuti, ndipo akadya chiyani kumeneko.

3. Mitundu iwiri ya thandizo

Thandizo la mwadzidzidzi cholinga chake ndi kupulumutsa moyo. Ndi matenti, ufa, nyemba, mafuta ophikira, mabulangete, ndowa, sopo ndi mankhwala othira m'madzi. M'dziko muno ntchitoyi imatsogoleredwa ndi nthambi ya boma ya DoDMA, mogwirizana ndi makhonsolo, bungwe la Red Cross, bungwe la WFP, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino. Thandizo lotere limakhala la masabata kapena miyezi yowerengeka.

Chitukuko cholinga chake ndi kuchotsa chimene chinachititsa kuti banja ligwe m'mavuto: nyumba yolimba, madzi aukhondo, ngalande, sukulu, kabizinesi ndi ndalama zosunga. Chimayenda pang'onopang'ono, ndipo sichitheka popanda eni dera.

Zonse ziwiri ndi zofunika, koma chilichonse pa nthawi yake. Mayi amene ana ake agona ndi njala pa msasa sitingamuitanire ku maphunziro a bizinesi, ayambe wadya. Komanso tikamagawa ufa chaka ndi chaka osakonza china chilichonse, anthu amazolowera kudikira. Banja likalandira malata n'kumanganso pamalo pomwepo ndi dothi lomwelo, ndiye kuti ladzikonzera ngozi ina.

Malamulo a dziko lathu nawo asintha potsatira phunziro lomweli. Lamulo la 1991 linabwera pambuyo pa ngozi ya madzi ya ku Phalombe, ndipo linkatsindika za kupereka thandizo ngozi itagwa kale. Namondwe Freddy atawononga chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023, kumene anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, aphungu anavomereza lamulo latsopano lotsindika za kukonzekeratu. Makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amayenera kupezeka mpaka kumidzi ndi m'mawodi a m'mizinda. Kodi komiti ya wodi yathu tikuidziwa? Muli amayi angati?

4. Kalembera: ndani amaiwalika?

Thandizo lililonse limayenda ndi mndandanda wa maina. Amene dzina lake silinalembedwe salandira, ngakhale atakhala wovutika kuposa onse. Olemba maina amakhala ndi nthawi yochepa, ndipo kawirikawiri amadalira zimene auzidwa ndi atsogoleri a m'dera. M'tauni, kumene anthu amasamuka kawirikawiri, n'kosavuta kuti anthu awa aphonyeke:

Ochita lendi. Nyumba ikagwa amalembedwa ndi mwini nyumba, pamene amene ufa, zofunda ndi makope a ana zaonongeka ndi wa lendiyo.

Amene sanapite ku msasa koma asungidwa ndi abale kapena anzawo. Banja lowasungalo nalonso limafunika thandizo, chifukwa pakhomo pawonjezeka pakamwa.

Okalamba, olumala ndi odwala, amene sangathe kuima pa mzere kapena kusenza thumba.

Ana amasiye amene akulerana okhaokha.

Mayi amene mwamuna wake anamusiya, pamene dzina lolembedwa ndi la mwamunayo.

Obwera kumene m'dera, osadziwa chilankhulo cha pamalopo, kapena amene chiphaso chawo cha unzika chapita ndi madzi.

Opanda foni, pamene thandizo likubwera ngati ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba.

Tisaiwalenso amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu. Mankhwala ndi buku la kuchipatala zikanyowa, ambiri amachita manyazi kunena pagulu. Munthu wotere amauza mayi amene amamukhulupirira.

Vuto la kalembera si lachilendo. Pa Machitidwe 6 timamva kuti mu mpingo woyamba munabuka dandaulo chifukwa amayi amasiye olankhula Chigriki ankaphonyedwa pa kagawidwe ka chakudya. Atumwi sanakane dandaulolo. Anauza anthu kuti asankhe okha amuna 7 a mbiri yabwino oti ayendetse ntchitoyo. Tikuphunzirapo kuti wodandaula ayenera kumvedwa, kuti ogawa asankhidwe ndi anthu eni ake, ndiponso kuti kusiyana kwa chilankhulo kungachititse munthu kuiwalika popanda wina kufuna.

5. Zimene dziko linaphunzira m'madera a nkhondo

Malamulo ambiri amene mabungwe othandiza amatsata lero anabadwa m'misozi. M'chaka cha 1994, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ambirimbiri ku Rwanda, khamu la anthu linathawira ku Goma, m'dziko limene lero tikulitcha Democratic Republic of Congo. M'mwezi woyamba wokha anthu pafupifupi 50,000 anamwalira m'misasa, ambiri ndi kolera ndi kamwazi. Anapulumuka ku nkhondo, koma anaphedwa ndi madzi oipa. Zitatero mabungwe anagwirizana za miyeso yotchedwa Sphere, ntchito imene inayamba mu 1997. Ina mwa miyesoyo ndi yakuti munthu mmodzi apeze malita a madzi osachepera 15 pa tsiku, chimbudzi chimodzi chisagwiritsidwe ntchito ndi anthu oposa 20, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Miyeso imeneyi tingathe kuigwiritsa ntchito pa msasa wa pa sukulu kapena pa tchalitchi chathu. Tikumbukire kuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo boma la Nkhata Bay, loyandikana nafe, linali limodzi mwa maboma ovutika.

M'chaka chomwecho cha 1994, bungwe la Red Cross ndi mabungwe ena, kuphatikizapo a mipingo, anagwirizana za khalidwe loyenera pogawa thandizo. Anamvana kuti thandizo liperekedwe poona kuvutika kwa munthu kokha, osaona mtundu, chipembedzo kapena dziko lake, ndipo lisakhale nyambo yokopera anthu ku chipani kapena ku mpingo. Kwa ife izi zikutanthauza kuti ndowa imene yadzera pa tchalitchi chathu ingapite kwa Msilamu, kwa wa mpingo wina kapena kwa wosapemphera, ngati iyeyo ndiye wovutikitsitsa.

Phunziro lachitatu ndi lowawa. Mu 2002 lipoti la mabungwe a UNHCR ndi Save the Children linaulula kuti m'misasa ya othawa nkhondo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ena ogwira ntchito yogawa thandizo ankagona ndi atsikana powapatsa chakudya, sopo kapena lona. Paliponse pamene munthu mmodzi ali ndi mndandanda ndipo wina ali ndi njala, tchimo limeneli lingachitike. Tiuze ana athu aakazi momveka kuti thandizo ndi laulere, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wopempha ndalama kapena thupi lawo kuti awalembe dzina. Zikachitika tisamalize nkhani m'nyumba. Tikanene ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo wochitiridwa nkhanzayo tifulumire naye kuchipatala.

6. Othawa nkhondo pakati pathu

Dziko lathu silinaone nkhondo yapachiweniweni, koma lasunga ambiri oithawa. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri anabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Okalamba a ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza amakumbukira kuti magalimoto a thandizo asanafike, anthu akumudzi ndiwo anagawana ndi alendowo malo, nkhuni ndi nsima.

Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende. Unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ambiri a iwo analowera kumpoto kuno, kudzera ku Karonga. Mu Meyi 2023 boma linagwira othawa kwawo amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka. Kaya maganizo athu pa nkhaniyi ndi otani, tivomereze kuti munthu wokhala mwamantha sapita kukalembetsa dzina ngozi ikagwa, ndipo mwana wake akadwala amachedwa kupita naye kuchipatala. Kolera safunsa chiphaso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

7. Thandizo lakunja likuchepa

M'chaka cha 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, limene linkathandiza ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro m'Malawi muno, ndipo boma la Britain linalengeza kuti lichepetsa ndalama zothandizira maiko ena. Pamenepo n'kuti nkhondo za ku Sudan, Ukraine, Gaza ndi kum'mawa kwa Congo zikufuna ndalama zambiri. Tiyenera kuthokoza thandizo likabwera, komanso kufunsa boma ndi khonsolo kuti achite mbali yawo, pakuti ngalande zikuluzikulu, milatho ndi mapuloti ndi udindo wawo. Koma dera limene lakhala pansi n'kumadikira alendo lidzadikira nthawi yaitali.

8. Ntchito zimene gulu lathu lingathe

Choyamba, tidziwe anthu. Mvula isanayambe, amayi awiriawiri ayendere nyumba za m'chigawo chawo n'kulemba m'kope mabanja amene ali m'malo otsika, okalamba, olumala, amayi oyembekezera, ana amasiye ndi ochita lendi, posaona mpingo. Tipemphe chilolezo tisanalembe munthu, ndipo za matenda a munthu zisalembedwe m'kope loonedwa ndi aliyense. Kope limeneli ndilo tidzafanizire ndi mndandanda wa ogawa thandizo. Tipemphe kuti maina aziwerengedwa poyera katundu asanagawidwe.

Chachiwiri, tigwirizane zothawira. Banja lililonse lidziwe kumene lingapite madzi akafika usiku, ndipo wokalamba aliyense akhale ndi munthu wodzamudzutsa. Ziphaso, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu ndi mankhwala tisunge m'jumbo yomanga bwino, pamalo okwera.

Chachitatu, tilimbitse banki m'khonde. Njira imeneyi inayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo yafalikira chifukwa siidikira ndalama za munthu wakunja. Kuwonjezera pa masheya, gulu likhale ndi thumba la padera la ngozi, limene mayi wogwa m'mavuto angathandizidwe nalo popanda chiwongoladzanja. Tisakakamize mayi kutenga ngongole imene alibe nayo ntchito, chifukwa magulu ambiri atha ndi khalidwe limeneli. Pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, tilimbikitsane kugula thumba la simenti lolimbitsira maziko tisanaganize za zovala za Khirisimasi.

Chachinayi, tiphunzitsane kuwerenga. Bungwe lathu la Mothers' Union linayamba ntchito yophunzitsa akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera m'chaka cha 2000 m'maiko atatu: Burundi, Sudan ndi Malawi. Awiri mwa maikowa anali pa nkhondo, lachitatu linali pa mtendere koma losauka, ndipo chosowa cha amayi chinali chimodzi. Mayi wodziwa kuwerenga amaona yekha ngati dzina lake lili pa mndandanda, amawerenga uthenga wa ndalama pa foni, ndipo sadinda chala pa pepala limene sakulidziwa.

Chachisanu, tisamale madzi ndi ngalande. Mu Okutobala ndi Novembala tigwirizane ndi khansala, atsogoleri a m'dera ndi achinyamata za tsiku lochotsa zinyalala m'ngalande. Alangizi a zaumoyo atiphunzitse kuthira kulorini m'madzi akumwa ndi kusungunula Thanzi ORS. Kumene madzi a pansi ali pafupi, chimbudzi chimangidwe chokwera ndiponso kutali ndi chitsime.

Chachisanu ndi chimodzi, posonkha katundu tiyambe tafunsa ovutikawo chimene akusowa. Kawirikawiri timasonkha zovala zakale, pamene mayi wa pa msasa akusowa poto, sopo, chitenje, zovala zam'kati ndi zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi. Zimenezi sanganene kwa bambo wolemba maina, koma kwa ife anena. Popereka tisamujambule munthu n'kumuika pa Facebook kapena WhatsApp iye asanavomere. Amene akulandira lero ndi mnzathu, ndipo ali ndi nzeru ndi manja oti agwire nafe ntchito. Tilembe zonse zimene talandira ndi kugawa, ndipo tiwerenge lipoti pamaso pa gulu.

Mafunso okambirana

1. Ndi malo ati m'dera lathu amene madzi amayamba kulowa? Mukukhala mabanja angati, ndipo ndi angati amene tikuwadziwa maina?

2. Nyumba ya lendi yagwa. Mwini nyumba wataya nyumba, wa lendi wataya katundu, koma thandizo ndi la banja limodzi. Tingaweruze bwanji?

3. Katundu wochepa wafika pa tchalitchi. Mayi wa gulu lathu nyumba yake yalowa madzi, pamene mnansi wake wa chipembedzo china nyumba yake yagweratu. Tiyambe ndi yani? Nanga wotsalayo timuuza chiyani?

4. Mtsikana watiuza mwachinsinsi kuti wolemba maina wamufunsira kuti amulembe. Wolembayo ndi munthu wolemekezeka m'dera. Tichite chiyani, ndipo tiyambire pati?

5. Banja lina lili m'dambo ndipo likukana kusamuka. Ndi zifukwa ziti zimene lingakhale nazo? Tingalithandize motani?

6. Pa ntchito 6 zimene tatchula, ndi iti imene tingayambe mwezi uno popanda kupempha ndalama kwa wina aliyense?

Zoti tichite

Msonkhano usanathe, gulu lililonse lisankhe amayi awiri okaonana ndi komiti ya ngozi ya m'dera lawo, ndi ena awiri osunga kope la maina. Likhazikitsenso tsiku loyendera nyumba. Alembi a magulu atumize kwa mlangizi wa amayi wa dayosizi zimene mwagwirizana, kuti magulu a ku Karonga, Nkhata Bay ndi Likoma, amene nawonso amadziwa za madzi ndi mphepo, aphunzireko kwa inu ndipo inu muphunzire kwa iwo. Mutu umodzi susenza denga. Ambuye akudalitseni pamene mukukambirana.